Singano ya Kadontho Koyera

Mzungu wa pa pulazi ija, munda waukulu wa fodya wa ku Trelawney kumadzulo kwa Harare, anamupeza atafa Lamulungu masana, ndipo pofika Lolemba m'mawa anzanga anali atapeza kale womupha. Apolisife timachita changu akafa mzungu. Ine ananditumiza kuti ndikangolemba mawu a wogwidwayo, poti mkuluyo akachita mantha Chishona chinkamuthawa, ndipo pa siteshoni yonse wodziwa Chinyanja ndinali ndekha. Ndine Sajeni Mcloud Mbewe, wobadwira m'komboni ku Mutorashanga, ngakhale kuntchito nkhani imeneyo sindinkaiyamba ndine.

"Ukhale utafika naye isanakwane faifi," anatero bwana wanga. "Ndi kuki wake, womuphikira uja. Nthawi zonse amakhala kuki."

Munali mu Febuluwale, 1995. Mabani a fodya ankafuka utsi, ndipo kumadzulo mitambo inali itada bii koma mvula osagwa. Antchito ankandiona n'kuyang'ana kumbali. Onse ankadziwa kuti mlandu wopha mwini pulazi umathera pa chingwe.

Womwalirayo ankamutcha Makutu, chifukwa moyo wake wonse unali m'chipinda chimodzi chodzaza mbale za galamafoni za jazi. Analibe mkazi, analibe mwana. Mtembo anali ataunyamula kale, koma pa kapeti panatsala banga lalikulu. Anamumenya kunkhongo ndi chitsulo cholemera chomwe ankapanikizira mbale ikamazungulira, ndipo chitsulocho anachipeza chotsukidwa bwino m'sinki ya kukhitchini.

Galamafoniyo sinali yonga ya m'bhawa. Inali ndi mikono iwiri, uliwonse ndi singano yake, wina wopakidwa kadontho kofiira, wina koyera. Wapolisi woyamba kufika anangozimitsa magetsi pakhoma osakhudza kanthu. Mbale inali ikadali pompo, mkono wa kadontho koyera utagona kumapeto kwa nyimbo. Chikuto chake chinatsamira mwendo wa tebulo, chakale, chothetheka m'mbali. Masipika awiri aatali ngati mwana wa sukulu anaima uku ndi uku, iliyonse pafupi ndi zenera lake.

Nkhani ya anzanga inali yosalala. Nyimbo inayamba nthawi ya fili koloko monga Lamulungu lililonse, yokwera moti inamveka mpaka ku bwalo la mpira. Inalira mphindi makumi awiri. Ndiye kuti nthawi imeneyo Makutu anali moyo. Folo koloko kuki analowa ndi tiyi, ndipo anthu anamumva akulira kuti, "Ndinadziwa, ndinadziwa." Panalibe wina aliyense pafupi ndi nyumba.

Nkhani yosalala chonchi imandinyansa, koma zondinyansa sizilowa m'faelo.

* * *

Ndinayamba ndi Fredson, makaniko wa pa pulazi, chifukwa ndiye yekha mwa antchito amene ankaloledwa kukhudza galamafoniyo. Ndinamupeza m'wekishopu akumanga pampu. Masipanala ake anali atapachikidwa pakhoma motsatana kukula, ovolosi yake yoyera kuposa malaya anga.

"Shuwa, Sajeni, zatipweteka," anatero, akupukuta chala chimodzichimodzi. "Mudhara uja, bwana Makutu, anali ngati bambo wanga. Makina onse aja ndinamanga ndine. Mkono wachiwiri uja ndinauika mu eite-naini."

"Mikono iwiri ya chiyani?"

Anamwetulira ngati mphunzitsi. "Mbale zilipo mitundu iwiri. Zakale, zoyambirira zenizeni za ku Amereka, za m'ma fifite. Ndiye pali zatsopano, nyimbo zomwezo koma anazidindanso ku Japani, chithunzi chomwecho, zilembo zomwezo. Manje yakale imafuna singano yonenepa, ya kadontho kofiira. Yatsopano imafuna yopyapyala, ya koyera. Mukasokoneza, mwapha mbale. Singano yonenepa imalima yatsopano ngati khasu."

"Dzulo fili koloko munali kuti?"

"Pa bwalo, wezulo ili pakamwa. Timasewera ndi anyamata a ku pulazi ya kutsidya. Funsani aliyense, anthu mazana awiri. Pamene ndimayambitsa mpira nyimbo ya mudhara inali ikulira kumtunda, mpaka goloboyi wathu anavina. Ndinachoka pa bwalo tamva kale za maliro."

"Nanga a Lazalo, akuki aja, mumawadziwa bwanji?"

Anapumira m'mwamba. "Sindifuna kunenera munthu wamkulu. Koma miyezi ino anali osakhazikika. Ukawapatsa moni amadzidzimuka." Anatsitsa mawu. "Mukafunse mai Domingas a ku shedi zomwe anamva m'dimba."

* * *

Mai Domingas anali m'shedi yosankhira fodya, ndipo sanaone chifukwa choimitsira manja chifukwa cha wapolisi. Tsamba lililonse ankaligwira kamodzi n'kuliponya pa mulu wake. Makolo awo anachokera ku Angonia, ku Tete, ndipo Chinyanja chawo chinali cha kumeneko, chothira Chishona pamwamba.

"Ine ndidapita kukapempha muriwo, ndiwo zamasamba, basi. Titatuluka ku Misa ndidapeza m'nyumba mulibe ndiwo. Dimba la bwana lili kuseri kwa chipinda cha nyimbo chija. A Lazalo adali kundidulira masamba a kovo pamene chidayamba kulira."

"Munali nawo pamodzi nyimbo ikuyamba?"

"Ndati adali kundidulira kovo. Kodi apolisi makutu mudasiya kwa amai anu?"

Ndinalemba m'kabuku kanga. "Pitirizani, mai."

"Mpeni udagwa m'manja mwawo. Adaimirira, mutu uku, mutu uku, zenera ili, zenera ilo, ngati nkhuku yaona kabawi. Ine nyimbo za azungu zonse n'chimodzimodzi, mapoto kugwa. Koma iwo nkhope idachita phulusa."

"Ananena kanthu?"

Manja aja anaima kwa nthawi yoyamba. Anayang'ana azimai anzawo, kenako pansi.

"Ine ndidatenga muriwo wanga n'kupita, nyimbo ikulirabe. Za pambuyo sindidziwa. A Lazalo adandigwirira mwana pa ubatizo, musandinenetse."

"Mukabisa ndiye mwawamangirira chingwe."

"Adati, 'Wazindikira. Lero ndatha.'"

* * *

Anawatsekera m'sitolo ya feteleza. Panja pa chitseko panakhala akazi awo, mai Genoveva, atagwira kabakuli ka chakudya komwe wapolisi wolondera anakana kulowetsa. Sanalire, sanandipemphe kanthu. Anangonditsata ndi maso, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kulira.

A Lazalo anali kamunthu kakang'ono ka imvi, atakhala pa thumba, manja ali m'unyolo. Nditawapatsa moni m'Chinyanja anadzutsa mutu.

"Ndinu mwana wa kwathu?"

"Bambo anga anali a ku Dedza."

"Ine wa ku Ntcheu. Ndinabwera wapansi mu fifite-seveni. Nyumba iyi ndaphikamo zaka makumi atatu ndi chimodzi." Anagwedeza mutu. "Lembani zomwe akufuna, mwana wanga. Ndinamupha ndine, kungoti si ndi chitsulo."

Ndinatseka kabuku kanga. "Yambirani poyambira, bambo."

Anandiuza za mwambo wina umene anthu a m'komboni ankauseka. Lamulungu lililonse folo koloko, akapereka tiyi, Makutu ankawakhazika pa mpando wa pakhonde atafulatira chitseko. Ankaika nyimbo imodzi kawiri, pa mbale yakale ndi pa yatsopano, n'kufunsa kuti iyi ndi iti. Zaka zisanu ndi chimodzi a Lazalo sanaphonyepo.

"Mumasiyanitsa bwanji, poti nyimbo ndi imodzi?"

Apa mkulu uja anawongoka, ngati unyolo waiwalika. "Yatsopano si yoipa, ayi. Ndi yoyera, mumamva chala chilichonse pa piyano. Koma oimba amakhala ngati akwiyirana, wa ng'oma zenera ili, wa piyano zenera ilo, wa lipenga yekhayekha pakati. Pa yakale onse akhala pa mphasa imodzi. Besi imakugunda pachifuwa. Pansi pake pamamveka kaphokoso ngati mvula yowaza pa udzu, ndipo pa ina, lipenga likangotha, pali munthu amatsokomola kumbuyo. A ku Japani anachichotsa chifuwacho. Ine munthu ameneyo ndinamuzolowera ngati mnansi."

"Ndiye chinachitika n'chiyani?"

"Mu Novembala bwana anatenga chikuto chakale, naika singano yofiira monga mwa masiku onse. Lipenga linatha. Munthu uja sanatsokomole."

Kunja kunagunda bingu lakutali. A Lazalo anapitiriza motsitsa.

"M'chikuto chakale munali mbale yatsopano. Sabata yotsatira inanso. Kufika lero ndawerenga khumi ndi imodzi. Wina amatulutsa zenizeni n'kulowetsa za ku Japani."

"Makutu osamva?"

"Makutu analibenso makutu, mwana wanga. Zaka zitatu izi amangokweza mawu. Mwambo uja poyamba unali masewera, koma kumapeto ine ndiye ndinali makutu ake. Akafunsa, ine ndimati, 'Yakale, bwana,' iye n'kumwetulira, n'kunena kuti zakale sizidzapezekanso. Ndinamunamiza miyezi itatu."

"Bwanji osamuuza?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana, ndipo zinalidi za chibwana. "Supuni ikasowa m'nyumba ya mzungu amayamba kufunsa ndani? Ine ndilibe mudzi kuno. Ku Ntcheu ondidziwa onse ali kumanda. Akandichotsa pano ndipita kuti ndi Genoveva? Ndimati ndinena mawa, ndinena mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Mawu amenewo ndinawamvapo kwa bambo anga, pa pulazi ina, pa nkhani ya tcheni cha thirakitala. Ndinakwiya, osadziwa kuti ndakwiyira ndani.

"Dzulo m'dimba munamva chiyani?"

"Miyezi yonseyi bwana amaika singano yofiira pa mbale zabodzazo, poti iye amati ndi zakale. Singano yofiira imaunjika mawu onse pakati, ngakhale mbale ikhale yatsopano. Dzulo nyimbo inali ija ya munthu wotsokomola, imene bwana amayambira nayo Lamulungu lililonse pa chikuto chakale. Koma ng'oma inatulukira zenera lakumanzere, piyano lakumanja. Ndinati basi, waona, waika singano yoyera kuti atsimikize, tsopano aitana kuki. Ndinakhala m'dimba ola lathunthu ndikuopa kulowa. Pomwe ndimalowa ndi tiyi, singano inali kumapeto ikungoti tcha, tcha, tcha. Bwana moyo wake wonse sanailolepo kuchita zimenezo."

Ndinakumbukira zomwe ndinaona m'chipinda muja: chikuto chakale, mkono wa kadontho koyera. Makutu sakanaika singano imeneyo pa mbale yomwe ankakhulupirira kuti ndi yakale. Anaiika ndi munthu wodziwa zomwe zinali m'chikutomo. Odziwa anali awiri, ndipo mmodzi anali m'dimba akudula kovo pamaso pa mai Domingas.

Ndiye kuti nyimbo ija sinaikidwe ndi munthu wofuna kumvera. Inaikidwa kuti pulazi yonse imve kuti wakufa ali moyo.

"Bambo, mwa zikuto zakale zija, mungandiuze chimodzi chomwe chikadali ndi mbale yake yeniyeni, ndi china chomwe anasinthitsa?"

"Chobiriwira cha pa shelefu yapamwamba n'chenicheni. Chofiirira chong'ambika pangodya anasintha pa Khirisimasi."

Wotchi yanga inati kota pasiti fili.

* * *

Kuganiza si umboni. Woweruza wa ku tauni sakanamasula kuki chifukwa cha munthu wotsokomola mu 1958. Panafunika kuti wakubayo anene yekha, ndipo pakamwa pake panali pochenjera kwambiri. Ndinaganiza zofunsa manja ake.

Ndinachotsa mbale ija pa galamafoni, ndinabweza mkono pamalo pake, ndinayatsa magetsi. A Lazalo ndinawakhazika pa mpando wawo wa pakhonde, atafulatira, unyolo uli m'manja. Wapolisi wolondera ndinamuimika pa chitseko. Kenako ndinaitanitsa Fredson.

"Mundithandize, amisiri," ndinatero. "Mkuluyu akuti amatha kusiyanitsa mbale ndi makutu. Ndikufuna ndilembe kuti ndi wabodza, tizipita mvula isanagwe. Ine makinawa ndingawaononge."

"Palibe vuto, Sajeni." Anasamba m'manja kaye, osauzidwa.

Ndinamupatsa chikuto chobiriwira. Anachiika patebulo, anatenga kaburashi kakang'ono, anapukuta singano ya kadontho kofiira kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, katatu. Atatero ndiye anatulutsa mbale, kuigwira m'mphepete mokha. Ntchito yake inali yokoma kuiona.

Nyimbo inadzaza chipinda. Ine jazi sindiidziwa, koma besi ija ndinaimvadi m'nthiti, ndi kamvula kaja pansi pake.

"Yakale," anatero a Lazalo pakhonde.

"Wangolota," ndinatero. "Ikani ina."

Ndinamupatsa chofiirira chong'ambika pangodya. Chinali chakale ngati chinzake, chonunkha utsi wa fodya wa zaka makumi atatu. Fredson anachiyang'ana kamodzi, anachiika patebulo chitsekere, anatenga kaburashi kaja. Dzanja lake linadutsa mkono wofiira osaima. Anapukuta singano ya kadontho koyera, katatu.

Ndinamusiya atulutse mbale, aiike, atsitse singano. Ng'oma inatulukira kumanzere, piyano kumanja, zoyera ngati mbale zodyera zotsuka.

"Yatsopano," anatero a Lazalo.

"Amisiri," ndinatero, "chikuto ichi n'chakale kapena chatsopano?"

"Chakale."

"Munandiuza m'mawa kuti yakale imafuna singano yofiira."

Anaseka pang'ono. "Ndinaona mbaleyo, Sajeni. Munthu wozolowera amaona."

"Munapukuta singano mbale ikadali m'chikuto. Wapolisi uyu waona, inenso ndaona. Munadziwa bwanji zomwe zili m'kati?"

Anayang'ana kaburashi kali m'dzanja lake ngati kamuluma.

"Makutu amagona masana mpaka fili koloko," ndinapitiriza. "Inu mumalowa nthawi imeneyo, poti makiyi a chipinda chino muli nawo. Dzulo anadzuka msanga, anakupezani mbale ili m'manja. Mutamumenya munatsuka chitsulo kukhitchini kuti mlandu ugwere kuki. Munaika nyimbo yake ya Lamulungu, munakwera njinga, mphindi zitatu muli pa bwalo. Zonse munaziganiza bwino. Koma kuika khasu pa mbale yatsopano, dzanja lanu linakana."

Mvula inayamba kugwa pa malata, madontho akuluakulu. Fredson anaika kaburashi m'kabokosi kake, anatseka, anakankhira kabokosiko pamalo pake penipeni.

"Miyezi itatu ndakhala ndikumumva akuzilima ndi singano yofiira," anatero motsitsa, osayang'ana munthu. "Munthu wosamva n'komwe. Zimamuthandiza chiyani zenizenizo?"

M'bokosi lake la zitsulo, pansi pa nsanza, tinapezamo mbale yomwe anatenga dzulo lake, yokulungidwa m'pepala lomangira fodya. Zinazo zinali zitapita kale kwa wogula wina wa ku Harare.

Ndinatuluka pakhonde ndi kiyi. Mai Genoveva anali ataima pa udzu, mvula ikuwanyowetsa, kabakuli kali m'manja. Nditamasula unyolo, a Lazalo sanaimirire. Anangoyang'ana manja awo.

"Ndikanalankhula mu Novembala, bwenzi lero ndikumuphikira supu," anatero.

Ndinafuna kuwauza kuti akanalankhula mu Novembala bwenzi atawathamangitsa mu Novembala momwemo. Sindinanene, chifukwa iwo ankazidziwa kuposa ine, ndipo sizikanawatonthoza.

M'chipinda muja nyimbo inatha. Singano inafika kumapeto n'kuyamba kuti tcha, tcha, tcha. Fredson anali ali m'unyolo kale, wapolisi atamugwira pamkono. A Lazalo anadzuka mofulumira, analowa, anafika pa galamafoni, anatambasula dzanja. Linaima m'malere pamwamba pa mkono wa singano uja. Kenako analibweza kumbuyo, naligwira ndi linzake.

"Ichotseni ndinu, mwana wanga," anatero. "Ine sanandilolepo kuikhudza."